Kutsekemera Kopanda Shuga

M'makomo ambiri kuno kwathu tiyi amayamba kukoma akathiridwa supuni yachitatu ya shuga. Ena amathira masupuni anayi, ndipo mlendo akalandira kapu yochepa shuga amangodziwa kuti pakhomopo zinthu zathina. Nzimbe timalima tokha ku Nchalo ndi ku Dwangwa, masamba a tiyi amachokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, choncho ziwirizi tinazizolowera pamodzi kuyambira tili ana. Ndiye munthu apita kuchipatala chifukwa cha ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku ndi kuwonda kosadziwika bwino. Am'baya pachala, kamakina kaonetsa nambala yokwera, anamwino amuuza kuti, "Bambo, mwapezeka ndi shuga. Kuyambira lero shuga wa mu tiyi musiye." Mapiritsi amawalandira mosavuta. Chimene chimamuwawa ndi kapu ya m'mawa ija.

Anthu otere alipo ambiri. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'dziko lonse mu 2009, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, anapeza kuti 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a shuga. Amenewa ndi anthu pafupifupi 6 pa 100 aliwonse.

Sipapita nthawi, mwana amene ali ku Joni amatumiza kabotolo ka timapiritsi toyera. Ukakanikiza pamwamba, kamodzi kamagwera m'kapu, tiyi n'kutsekemera. Sabata yomweyo wachibale wina atumiza uthenga pa WhatsApp woti timapiritsi timeneti timayambitsa khansa. Wodwala uja angoti kakasi, kabotolo kali m'manja. Athire kapena ataye?

Lilime ndi magazi sizimva mofanana

Shuga wa m'golosale akafika m'matumbo amagawika pawiri, kukhala gulukosi ndi fulakitosi. Gulukosi ndiye amalowa m'magazi n'kukapereka mphamvu ku minofu ndi ku ubongo, ndipo ndi amene kamakina ka kuchipatala kamayeza. Kuti achoke m'magazi n'kulowa m'maselo pamafunika insulini, timadzi topangidwa ndi kapamba. Kwa wodwala shuga, mwina kapamba sakupanga insulini wokwanira, mwina thupi lasiya kumumvera insuliniyo. Gulukosi amangodzadza m'magazi, ndipo zaka zikamapita amawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi.

Koma kutsekemera sikumveka m'magazi. Kumamveka pa lilime, pamene pali timaselo tokhala ndi malo olandirira zotsekemera. Malo amenewa ali ngati loko, ndipo shuga ndiye kiyi wake: akangolowa, uthenga umathamangira ku ubongo woti chinthuchi n'chonzuna. Tsono pali makiyi ena, osakhala shuga, amene amatsegula loko yemweyo, ena mwamphamvu kuposa shuga kuwirikiza ka 200, ena ka 300, ena mpaka ka 600. Amenewa ndiwo tiziwatcha zotsekemeretsa zopanda shuga. Poti n'zamphamvu choncho, kachidutswa kosaoneka bwino ndi maso kamakwana kapu yonse, ndipo mulibe gulukosi woti akweze shuga wa m'magazi. Zambiri thupi silizigwiritsa ntchito n'komwe. Mwachitsanzo, zotchedwa saccharin ndi acesulfame K zimatuluka ndi mkodzo momwe zinalowera. Gawo lalikulu la sucralose limangodutsa m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi.

Phindu lake tingaliwerengere. Supuni yaing'ono ya shuga imalemera magalamu 4. Amene amamwa makapu atatu patsiku, iliyonse masupuni atatu, wamwa magalamu 36. Pakutha kwa mwezi wamaliza yekha paketi ya kilogalamu imodzi, n'kuyambako ina. Kwa munthu amene insulini wake akuvutika kale, kuchotsa katundu ameneyu si nkhani yaing'ono.

Zinachokera kuti?

Chakale kwambiri ndi saccharin. Anachitulukira mu 1879 wasayansi Constantin Fahlberg, amene ankagwira ntchito ndi Ira Remsen pa yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America. Ankayesa mankhwala ochokera ku phula la malasha. Monga ankasimbira mwini wake, tsiku lina atakhala pansi kudya anamva buledi akutsekemera modabwitsa, ndipo atafufuza anapeza kuti kutsekemerako kunali m'manja mwake. Saccharin inafala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, shuga atasowa ku Ulaya, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali yokhayo imene odwala shuga ankadalira. Imasiya kakuwawa pakhosi, n'chifukwa chake masiku ano amakonda kuisakaniza ndi zinzake.

Aspartame inapezeka mwangozinso, mu 1965. James Schlatter wa kampani ya G. D. Searle ankafuna mankhwala a zilonda za m'mimba. Ananyambita chala kuti atole pepala, chalacho n'kukhala chotsekemera. Aspartame imasiyana ndi zinzake chifukwa thupi limaigaya. Imapangidwa ndi tizidutswa tiwiri timene timamanganso mapuloteni a m'nyemba, m'mazira ndi m'nyama, totchedwa aspartic acid ndi phenylalanine. Ikagayika imatulutsanso methanol pang'ono, ndipo anthu akamva dzina limeneli amaopa, paja ndi poizoni amene amachititsa khungu akapezeka wambiri m'mowa wosatcheza bwino. Komatu kapu ya madzi ofinya ku tomato imapatsa thupi methanol wochuluka kuposa kapu ya chakumwa cha aspartame, ndipo chiwindi chimathana naye mosavuta. Aspartame siipirira moto: ikaphikidwa nthawi yaitali kutsekemera kumatha. Mu tiyi ithireni mutaphula, ndipo musaidalire pophika chigumu.

Acesulfame K inatulukiridwa ku Germany mu 1967, sucralose ku London mu 1976. Sucralose amaipanga kuchokera ku shuga weniweni, n'kumusintha kuti thupi lisathe kumugaya, ndipo imaposa shuga kuwirikiza ka 600. Palinso cyclamate, ya mu 1937, imene America inailetsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 koma maiko a ku Ulaya ndi South Africa amailola pa mlingo woikika. Koma stevia ndi yochokera m'munda: ndi chitsamba cha ku Paraguay chimene anthu a mtundu wa Guaraní akhala akuthira m'zakumwa zawo kuyambira kalekale. Ya m'sitolo ndi ufa woyengedwa kuchokera m'masamba ake.

Nkhani ya khansa

Uthenga wa pa WhatsApp uja si wongopeka kumene. Uli ndi muzu wake, ndipo ndi bwino kuudziwa.

M'zaka za m'ma 1970, makoswe amene ankadyetsedwa saccharin yochuluka kwambiri anayamba kupezeka ndi khansa ya chikhodzodzo. Mu 1977 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linafuna kuiletsa. Anthu anadandaula kwambiri, makamaka odwala shuga, moti nyumba ya malamulo inalamula kuti saccharin ipitirire kugulitsidwa koma pa paketi pazilembedwa chenjezo. Asayansi anapitiriza kufufuza. Anapeza kuti mkodzo wa khoswe, makamaka wamphongo, ndi wosiyana ndi wa munthu: saccharin ikachulukamo mumapangika timiyala ting'onoting'ono tokanda chikhodzodzo mpaka kuyambitsa chotupa. Mwa munthu timiyala timeneti sitipangika. Komanso kuti munthu afike pa mlingo umene makoswewo ankadya, akanayenera kumwa zitini mazanamazana tsiku lililonse. Mu 2000 boma la America linachotsa saccharin pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa, chenjezo lija n'kuchotsedwanso.

Mantha anabukanso mu July 2023. Nthambi ya WHO yofufuza za khansa, yotchedwa IARC, imene ili ku Lyon m'dziko la France, inaika aspartame m'gulu 2B. Apa mpamene ambiri anasokonezeka. IARC imayankha funso limodzi lokha: kodi umboni woti chinthu ichi chingathe kuyambitsa khansa ndi wolimba bwanji? Siinena kuti munthu amwe zochuluka bwanji kuti avulale. M'gulu 1 muli zinthu zimene umboni wake ndi wosakayikitsa, monga fodya, mowa ndi nyama zokonzedwa ngati masoseji. Gulu 2B ndi la zinthu zimene umboni wake ndi wochepa, wongoti mwina. Pa aspartame, umboniwo unali wa akafukufuku atatu okhudza khansa ya chiwindi, ndipo IARC yomweyo inavomereza kuti sakanatha kutsimikiza kuti cholakwa chinali aspartame.

Funso la kuchuluka limayankhidwa ndi komiti ina, ya WHO ndi bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO, yotchedwa JECFA. Akatswiri ake amayang'ana mlingo waukulu umene sunavulaze nyama zoyeserera, n'kuugawa ndi 100 kuti pakhale mpata wokwanira wotetezera munthu. Chotsatira chake ndi mlingo umene munthu angamwe tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Tsiku lomwe IARC inalengeza zake, JECFA inalengezanso kuti mlingo wa aspartame ukhalabe mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Munthu wolemera makilogalamu 70 angafike mamiligalamu 2,800 patsiku. Chitini chimodzi cha chakumwa chopanda shuga chimakhala ndi mamiligalamu 200 mpaka 300, ndiye kuti apyole malire ayenera kumwa zitini zoposa 9 mpaka 14 tsiku lililonse. Wothira timapiritsi tiwiri mu tiyi ali kutali zedi ndi pamenepo. Kwa ana masamuwa amasintha: mwana wa makilogalamu 20 amafika pa malire ake ndi zitini zitatu kapena zinayi zokha. Zakumwa zimenezi si zoti mwana azimwa m'malo mwa madzi.

Pali anthu ochepa amene aspartame ndi yoopsadi kwa iwo. Ndi amene anabadwa ndi matenda osowa otchedwa phenylketonuria, mwachidule PKU. Thupi lawo silitha kugaya phenylalanine, ndipo akachuluka amawononga ubongo. Ndicho chifukwa chake pa zitini pamalembedwa kuti muli phenylalanine. Chenjezo limeneli ndi la iwowo, si la wodwala shuga aliyense.

Pamene akatswiri sanamalize kukambirana

Kunena kuti zonse zatha kungakhale kunama. Kafukufuku wina wa ku France wotchedwa NutriNet-Santé anatsatira akuluakulu oposa 100,000 kwa zaka zingapo, ndipo mu 2022 anafalitsa zoti amene ankamwa zotsekemeretsa zambiri ankapezeka ndi khansa komanso matenda a mtima mochulukirapo pang'ono kuposa amene sankamwa. Kafukufuku wamtundu umenewu amangoyang'ana mmene anthu akukhalira, sawagawa m'magulu mwadala. Vuto lake ndi ili: ndani amayamba kugula chakumwa chopanda shuga? Kawirikawiri ndi amene wanenepa kale, kapena amene adokotala amuchenjeza kale. Akadzadwala, n'kovuta kudziwa ngati chamudwalitsa ndi chakumwacho kapena vuto limene linam'pangitsa kuyamba kuchigula. Ofufuza amayesetsa kuchotsera zimenezi m'masamu awo, koma sizichoka zonse.

Nkhani ina ndi ya tizilombo ta m'matumbo. M'mimba mwa munthu aliyense muli mabakiteriya ambirimbiri othandiza kugaya chakudya. Mu 2014 asayansi a pa Weizmann Institute ku Israel anaona kuti saccharin imasintha mabakiteriya amenewa mu mbewa, ndipo shuga wa m'magazi mwa mbewazo ankachedwa kutsika. Anayesanso pa anthu 7 kwa sabata imodzi, 4 mwa iwo n'kuonetsa zofananako. Mu 2022 gulu lomwelo linayesa anthu 120 opanda matenda kwa masabata awiri. Saccharin ndi sucralose zinasinthadi mmene matupi a ena ankalandirira gulukosi, koma kusinthako kunkasiyana munthu ndi munthu. Anthu ake anali ochepa, nthawi yake yaifupi, ndipo sanali odwala shuga. Ndi chifukwa chokwanira choti munthu asamathire mosawerengera. Sichifukwa chobwerera ku masupuni atatu aja, amene kuopsa kwake kwa wodwala shuga palibe amene amakukayika.

Mu May 2023 WHO inalangiza kuti anthu asamadalire zotsekemeretsa ngati njira yochepetsera thupi, chifukwa phindu lake pa zaka zambiri silinaoneke. Manyuzipepala ndi mawailesi ambiri anafalitsa mbali imeneyi. Mbali imene inasiyidwa ndi yoti malangizowo ananena momveka kuti sakukhudza anthu amene ali kale ndi matenda a shuga.

Ine ndikaika zonsezi pa sikelo ndimaona chonchi. Madzi ndiwo chakumwa chabwino koposa, ndipo tiyi wopanda chotsekemeretsa chilichonse amaposa wa timapiritsi. Lilime limazolowera: wochepetsa theka la supuni sabata iliyonse amadzapeza kuti tiyi wake wakale wayamba kumutsekemerera mopyola, ndipo kachidutswa ka jinja kapena madzi a ndimu amathandiza pa masabata oyambawo. Njira imeneyi siilira ndalama, pamene timapiritsi n'todula ndipo kumudzi sitipezeka. Koma amene wayesa n'kulephera, ndipo chatsala n'kusankha pakati pa shuga ndi kapiritsi, athire kapiritsi mtima uli m'malo.

Zolembedwa pa paketi

Chimene chimapweteka odwala ambiri si khansa. Ndi kukhulupirira kuti chilichonse cholembedwa kuti "sugar free" angadye mmene afunira. Bisiketi yopanda shuga inapangidwabe ndi ufa wa tirigu, ndipo ufa ukagayika umasanduka gulukosi. Tiyi wa kapiritsi womwera mandasi atatu kapena magawo anayi a buledi woyera adzakwezabe shuga. Mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera imapereka gulukosi wochuluka kuposa masupuni onse a shuga amene munthuyo akanathira mu tiyi tsiku limenelo. Thobwa limatsekemera ngakhale osathira kanthu chifukwa chimera chimaphwanya ufa kuusandutsa shuga, ndipo shuga ameneyo amalowa m'magazi ngati wina aliyense. Uchi, shuga wabulauni ndi madzi a nzimbe n'chimodzimodzi, ngakhale ena amaziyamikira kuti n'zachilengedwe. Kapiritsi kamachotsa supuni ya shuga basi. Kuchepetsa mitanda, kusankha mgaiwa, kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi nyemba, kuyenda ndi kumwa mankhwala pa nthawi yake, zonsezi zimatsala momwemo.

M'maswiti, m'chingamu ndi m'chokoleti zolembedwa kuti n'za odwala shuga mumakhala gulu lina la zotsekemeretsa, zimene maina ake amathera ndi "ol": sorbitol, xylitol, maltitol, erythritol. Izi si zamphamvu ngati zoyamba zija, choncho amathira zambiri. Zina, makamaka maltitol, zimakwezako shuga wa m'magazi, ngakhale mosafika pa shuga weniweni. Zikachuluka zimadzadzitsa mpweya m'mimba ndi kutsegula m'mimba. Erythritol siikweza shuga, koma mu 2023 ofufuza a ku Cleveland Clinic ku America anapeza kuti anthu amene anali nayo yambiri m'magazi ankadwala mtima ndi sitiroko mochulukirapo, ndiponso kuti imapangitsa magazi kuundana msanga. Nkhaniyi ikufufuzidwabe, poti thupi nalonso limapanga erythritol palokha. Komabe wodwala shuga amakhala kale pa chiopsezo cha matenda a mtima, ndiye ndi nzeru kusaichulutsa. Ufa wambiri wogulitsidwa ndi dzina la stevia umakhala wosakaniza ndi erythritol kuti udzadze supuni.

Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Nthawi zina amalemba maina, nthawi zina manambala: E950 ndi acesulfame K, E951 aspartame, E952 cyclamate, E954 saccharin, E955 sucralose, E960 stevia. Pa tebulo la zakudya zimene zili m'katimo, mzere wofunika kwa wodwala shuga ndi wolembedwa kuti "carbohydrate", chifukwa ndiwo ukuwerenga ufa ndi shuga pamodzi. Zakumwa zambiri zosungunula ndi madzi zimakhala ndi zonse ziwiri, shuga ndi chotsekemeretsa, ndiye kuona dzina la sucralose pa botolo sikutanthauza kuti mulibe shuga.

Shuga akatsika, kapiritsi sikapulumutsa

Mbali iyi ndiyo ndikufuna aliyense wokhala ndi wodwala shuga aigwiritsitse, chifukwa imakhudza moyo pa mphindi zochepa.

M'zipatala zathu odwala ambiri amalandira metformin, glibenclamide kapena jakisoni wa insulini. Metformin payokha siitsitsa shuga mopyola kawirikawiri. Glibenclamide ndi insulini zimatha kutero, makamaka munthu akamwa mankhwala koma osadya, akalima m'mawa wonse m'mimba muli pululu, akasala kudya, akachezera pa maliro kapena akamwa mowa. Shuga akatsika pansi pa 3.9 pa kamakina koyeza mu mmol/L, kapena pansi pa 70 pa koyeza mu mg/dL, munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kumva njala yoopsa ndi chizungulire, mtima kugunda mothamanga. Zikapitirira amalankhula zosamveka, amakwiya popanda chifukwa, amayenda mwadzandidzandi, moti odutsa amangoti waledzera. Kenako amakomoka.

Pamenepa ubongo ukufuna gulukosi weniweni, msanga. Chakumwa cholembedwa kuti "zero", "diet" kapena "light" sichithandiza ngakhale pang'ono, ngakhale chitsekemere bwanji pa lilime. Timapiritsi tija n'chimodzimodzi. Chofunika ndi magalamu 15 a shuga: masupuni aang'ono anayi osungunula m'madzi, kapena supuni yaikulu ya uchi, kapena theka la botolo la mamililita 300 la chakumwa choziziritsa kukhosi cha shuga wamba. Dikirani mphindi 15. Ngati sanatsitsimuke, m'patseninso. Akapeza bwino adye chakudya chokhalitsa m'mimba, monga nsima, mbatata kapena buledi, chifukwa mphamvu ya glibenclamide imatenga maola ambiri ndipo shuga angatsikenso. Pakhomo pa wodwala shuga pasasowe shuga. Pa ulendo ayende ndi maswiti a shuga weniweni m'thumba, ndipo akazi ake kapena amuna ake, ana ndi anzake a kuntchito adziwe pamene ali.

Botolo lozolowereka nalonso liwerengedwe, chifukwa zakumwa zikusintha. Kuyambira mu April 2018 dziko la South Africa limadula msonkho pa galamu iliyonse ya shuga yopyola magalamu 4 pa mamililita 100 a chakumwa, ndipo Britain inayamba msonkho wake mwezi womwewo. Makampani ambiri anachepetsa shuga n'kuthiramo zotsekemeretsa, dzina ndi maonekedwe a botolo osasintha kwenikweni. Ku Britain chakumwa cha Lucozade, chimene odwala shuga ankachidalira shuga akatsika, chinachepetsedwa shuga pafupifupi ndi theka mu 2017, moti zipatala zinachita kuchenjeza odwala kuti mlingo wakale sukukwananso. Zakumwa zambiri za m'masitolo athu zimachokera ku South Africa, ndipo abale athu ambiri amakhala kumeneko ndi ku Britain. Ngati pa botolo palembedwa magalamu 5 a shuga pa mamililita 100 m'malo mwa 10, wodwalayo ayenera kumwa botolo lonse la mamililita 300 kuti apeze magalamu 15.

Ngati wakomoka kale, kapena sakutha kumeza, musam'thire chakumwa m'kamwa, chingalowe m'mapapo. M'gonekeni cham'mbali, m'pakeni uchi kapena shuga wonyowetsa pang'ono m'kati mwa tsaya, ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi, kumene akam'patse gulukosi kudzera m'mtsempha. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala amene akumwa, kuti adokotala akaone msanga chimene chatsitsa shugayo.